Apongozi Atsogola, Akabaza Afika

Ndiyambe ndi kunena kuti apongozi anga ali moyo. Ali bwinobwino, dzulo lomweli ndawaona chapatali akupeta nandolo pakhonde. Ndikunena izi poyambirira chifukwa kuno ku Mkhumba alipo anthu amene mpaka lero akakumana nawo kuchigayo amayamba abwerera m'mbuyo kaye asanapereke moni, ndipo onsewo chala amaloza ine. Ine! Ngati kuti ndine ndinauza a netiweki kuti nsanja yawo akaibise kuseri kwa phiri.

Ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Chiradzulu, koma ndinakwatira kuno, ndipo mwambo wa kuno mukuudziwa, mwamuna ndiye amasamuka. Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pa intaneti, makamaka mbali imene inu mumaiona pa foni: mabatani, mabokosi olembamo, timawu tofiira tija tokuuzani kuti mwalakwitsa. Tsono kayeseni kufotokoza zimenezo kwa anthu amene mkamwini amamuyeza ndi mizere ya m'munda. Pakhomo pathu netiweki imagwira pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa khola la mbuzi. M'mawa uliwonse akamwini anzanga akamatsikira kudimba makasu ali paphewa, ine ndimakwera pachulu laputopu ili m'khwapa. Ana a m'mudzi muno anandipatsa dzina loti a Pachulu. (Akuluakulu amawaletsa, koma kuwaletsa kwake akuseka.)

Ndiye ndinatopa nazo. Ndinatuma ankhoswe anga kuti akandipemphere chitengwa, ndiye kuti chilolezo chotenga mkazi wanga, make Tadala, kukakhala naye kwina. Ine ndinkafuna pa Boma, kumene netiweki imakupeza uli chigonere pabedi. Mwini mbumba, amalume a mkazi wangayo, anati iwo alibe mawu mpaka mlongo wawo, apongozi angawo, atanena zakukhosi. Apongozi anatumiza liwu limodzi lokha: "Ndamva."

Ine nditamva kuti amva, ndinati basi, zatheka. Tsiku lomwelo matiresi a alendo ndinawapinda n'kuwamanga ndi malegeni, mabuku ndinalonga m'katoni. Make Tadala anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a Tadala, kodi mayi avomera?"

"Anena kuti amva."

"Ee, amva. Nanga avomera?"

Ndinamuuza kuti asandivutitse ndi Chichewa cha m'kalasi.

Mudziwenso kuti ine ndi apongozi sitiyankhulana. Sikuti tinayambana ayi, ndi ulemu. Ndikawaona akubwera panjira ndimapatukira m'chinangwa mpaka adutse. Chilichonse chimene ndikufuna kuwauza chimadzera mwa mkazi wanga, yankho limabwereranso momwemo, nthawi zina mawa lake, nthawi zina osabwera n'komwe. Musungeko zimenezi, mudzaziona kutsogoloku.

Masiku omwewo anandipeza a Namakhwa, wapampando wa gulu lina la akabaza pa Boma. Iwo ankafuna kuti munthu wa kumudzi azitha kuitana kabaza pa foni popanda kusunga nambala ya wina aliyense. Ntchitoyo tinagawana ndi mnzanga wina wa ku Blantyre (sinditchula dzina, koma akudzidziwa). Iye anakonza seva, kompyuta ya kutali ija imene imalandira pempho n'kulipereka kwa wakabaza amene alibe kasitomala. Ine ndinakonza tsamba la pa foni: ulembe dzina, pamene uli, kumene ukupita, udine batani lalikulu lolembedwa kuti "Itanani kabaza". Pakati pa tsamba ndi seva pali chimene timati API, njira yodutsiramo uthenga. Anthu akandifunsa ndimangoti tsamba ndi mkamwini, seva ndi apongozi, API ndi mkazi wonyamula mawu pakati pawo. Mkamwini amatuma, kenako amadikira.

Tsamba lililonse lotere limakhala ndi chimene ife timati siteti, kutanthauza zimene tsambalo likudziwa pa nthawi imeneyo: walemba ndani, ali kuti, pempho lake lafika pati. Zonse zimene mumaona pa foni zimatuluka m'menemo. Siteti ikanama, foni nayo imakunamizani nkhope ili gwa. Aliyense amene anaphunzirako ntchitoyi adzakuuzani kuti pempho limakhala mwina lisanatumizidwe, mwina likudikira yankho, mwina latheka, mwina lakanika, ndipo chilichonse mwa zimenezi chiyenera kukhala ndi malo ake mu siteti. Ine ndinaikamo ziwiri zokha, lisanatumizidwe ndi latheka. Musandiyang'ane choncho. Ndinkayesera pachulu ndi pa Boma, kumene ukangodina yankho labwera kale usanachotse chala. Kudikirako ndikanakuona kuti?

Titangoyamba kuyesa ndi anthu, a Namakhwa anandiimbira.

"Achimwene, anthu akudandaula. Akuti chinthu chanuchi akadina chikungokhala duu. Munthu ukamupatsa moni amayankha, nanga ichi n'chamwano bwanji?"

Zoona, kumene netiweki ili yofooka, tsamba linkangokhala chete podikira seva, anthu n'kumayesa foni yafa. Apa m'pamene ndinachita zanzeru, ndipo ndikunenabe mpaka lero kuti zinali zanzeru. Makampani akuluakulu amachita zomwezo. Mukadina kamtima pa chithunzi cha mnzanu, kamafiira nthawi yomweyo, seva isanadziwe n'komwe kuti mwakonda. Amangoyembekezera kuti zitheka. Inenso ndinatero: munthu akangodina, tsamba lizilemba ndi zilembo zobiriwira kuti "Zatheka! Kabaza akubwera," kenako pakapita kanthawi libwerere poyambira kuti wina abwereke foniyo aitanenso wake. Ndinawonjezanso nzeru yachiwiri. Ngati palibe netiweki, pempho lisatayike, lisungidwe m'foni pamzere, netiweki ikangopezeka linyamuke lokha. A Namakhwa atayesa pa siteji yawo anandigwira chanza ndi manja awiri.

Zimene sindinachite ndi izi: batani sindinalitseke munthu akadina kamodzi, sindinaike choti tsamba lizifunsa ngati munthu yemweyo ali kale ndi pempho pamzere, ndipo mawu obiriwirawo sindinawaphunzitse kubweza zikakanika. Mnzanga wa ku Blantyre naye akanatha kutchinga kumbali yake kuti pempho lofanana lisalowe kawiri. Koma iyeyo kuchigayo palibe amene amamutchula. Akudya zake phee mu mzinda.

Tsiku la tsoka linayamba ndi nkhani yabwino. Mlamu wanga, mng'ono wake wa make Tadala, anachira kuchipatala cha pa Boma, mwana wamwamuna. Apongozi anadzuka ndi changu. Anaphika, anathira thobwa m'chigubu, analonga zonse m'dengu, anavala chitenje chatsopano, ndipo ankafuna kukafika nthawi yoonera odwala ya masana isanathe. Masiku onse zikatere munthu amayenda mpaka kumsewu waukulu n'kukaimitsa kabaza ndi dzanja. Koma ine ndinaona mwayi. Ndinati lero apongozi aone okha kuti pachulu paja pamatuluka zinthu. Kabaza akangoliza belu pakhonde pawo, nkhani ya chitengwa yatha.

"Uwauze mayi asavutike n'kuyenda," ndinatero. "Njinga ibwera pakhomo pomwe pano."

Make Tadala anandiyang'ana nthawi yaitali, koma anapita. Anakhala pakhonde la mayi ake n'kulemba pa foni yake. Pamene ali: pakhomo loyang'anizana ndi mjigo. Kopita: kuchipatala. M'kabokosi ka mawu owonjezera analemba kuti "fulumirani chonde". Anadina. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikusuzumira, ndipo ndinaona akuwaonetsa mayi ake foniyo. Apongozi anagwedeza mutu, n'kukhala pamkeka dengu lili pambali, maso kunjira. Mtima wanga unachita kuvina.

Pakhonde la apongozi netiweki sinayambe yapondapo chiyambire dziko. Zimenezo ndinkazidziwa bwino. Kungoti m'mawa umenewo mutu wanga unali kale pa Boma.

Dzuwa linakwera. Kunjira kunadutsa mbuzi, kenako munthu wogulitsa usipa, kenako zii.

"Tadinanso," ndinamva apongozi akuuza mwana wawo. "Mwina sanamve."

Make Tadala anadinanso. Zatheka. Anadikira, n'kudinanso. Zatheka. Kenako apongozi anati, "Tabweretsa kuno, iwe ukuchita kusisita," n'kulanda foniyo. Abale anga, chala chimenecho chakhala chikukonola chimanga zaka zonsezi. Sichidina kamodzi. Batani likangobwerera, icho chili pomwepo, likangobwerera, chili pomwepo, ndipo tsamba langa, mwana womvera, nthawi iliyonse linkayankha mwaulemu ndi zilembo zobiriwira. Mpaka ndinamva mawu awo akufika kunkhokwe kuja, osakweza, koma olunjika bwino:

"Zikungotheka, zikungotheka, koma njinga osaoneka."

Mwina mukuti bwanji sunapite kukawaletsa? Ndipite ndikaime pamaso pa apongozi n'kuwalanda foni m'manja? Inu mungatero kwanu? Ine ndinathamangira pachulu n'kutsegula laputopu kuti ndione kumbali ya seva. Kunalibe pempho ngakhale limodzi. Nthawi yomweyo ndinadziwa wolakwa. Ndinaimbira wa ku Blantyre uja n'kumusambitsa chokweza: seva yako yagona, wandichititsa manyazi kuchikamwini, ntchito yako n'kudya basi. Iye ankati seva ili bwino, ine ndinkati ili bwino bwanji poti kuno kwalembedwa kuti zatheka? Tinakangana mpaka mayunitsi anga anatha. Potsika pachulu ndinapeza pakhonde pali mkeka wokha. Apongozi anali atasenza dengu lawo n'kuuyatsa wapansi kulowera kumsewu waukulu, mwana wawo ali pambuyo, foni ili m'chikwama ndi katundu wake yense wa mapempho.

Za mzere uja ndinali nditaiwaliratu. Ndinatenga tsache n'kuyamba kusesa pabwalo, kuti mwina wina wodutsa aone kuti a Pachulu nawo amagwirako ntchito.

Pali kamlatho kena musanafike kumsewu waukulu. Pamenepo netiweki imagwira bwino zedi. Foni itangofika pamenepo inachita ndendende zimene ndinaiuza: inatulutsa mapempho onse, limodzi ndi limodzi, lililonse likunena kuti pakhomo loyang'anizana ndi mjigo pali munthu wopita kuchipatala, fulumirani chonde. Seva nayo inachita zimene inauzidwa. Pempho lililonse inalipatsa wakabaza wakewake.

Belu loyamba linandipeza ndikusesabe.

"Odi! Tabwera kudzatenga mayi a kuchipatala!"

Ndikuuzani zoona, ndinasangalala. Ndinati onani, pulogalamu ikugwira ntchito, kuchedwa kokha. Ndisanamalize kumufotokozera kuti mayiwo anyamuka kale, belu lina. Kenako awiri pamodzi. Nditayang'ana kunjira ndinaona fumbi lokhalokha, njinga zikuthamangitsana, anyamata ataimirira pa mapedulo thukuta lili kamukamu. Sindinawerenge, musandifunse. Ndingoti pabwalo la apongozi panasowa poponda, ena anatsamiritsa njinga pankhokwe, ena pakhola, mbuzi zikulira ngati zaona fisi. Pambuyo pa onse anafika a Namakhwa eni ake, akupuma mwabefu.

"Achimwene! Ali kuti odwalawo? Ine poona mauthenga onsewa a khomo limodzi ndimayesa banja lonse ladya nyemba za kalongonda zosapsa!"

Tsono kumudzi njinga zambiri chonchi sizisonkhana pakhomo la munthu popanda chifukwa. Anthu anayamba kusiya zidebe pamjigo. Ena anatuluka m'minda makasu ali m'manja. Woyamba kundifika pafupi anali mayi Supuni, mnzawo wa apongozi wa ponda apa nane mpondepo, amene amakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi.

"Bambo a Tadala, kwagwanji? Anzanga ali kuti?"

Apa ndikupempha kuti mundiweruze mwachilungamo. Ndinali ndi manyazi, thukuta likutsika, anthu onse akundiyang'ana. Ndipo mkamwini wolongosoka satchula za apongozi ake mokweza ngati akuitana nkhuku. Ndinavula chipewa, ndinaweramitsa mutu, n'kunena motsitsa mawu:

"Mayi atsogola."

Ine ndinkatanthauza kuti atsogola wapansi, kabaza akawapeza kutsogolo. Chichewa cholondola, palibe mphunzitsi angachichonge ndi cholembera chofiira.

"Atsogola?" anatero mayi Supuni, dzanja lili pachifuwa.

"Ee, posachedwapa. Tinayesetsa kuitana kabaza, koma achedwa."

"Nanga make Tadala?"

"Ali nawo komweko."

Mfuu umene anakuwa mayi amenewo ndikukhulupirira unamveka mpaka m'phiri la Michesi. "Mayo ine! Mnzanga ine! Dzulo lomweli timatunga limodzi!" Anadzigwetsa pansi, amayi ena n'kulandira, ndipo kamphindi komweko pabwalo ponse panali chiliro. Akabaza anavula zipewa. A Namakhwa anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Pepani achimwene, tikanadziwa tikanapalasa kwambiri." Apo m'pamene mutu wanga unatseguka.

"Ayi! Ayi! Sindikutanthauza choncho! Mayi ali moyo!"

"Zoona, mwana wanga," anatero mkulu wina wa mpingo amene anali atafika kale, sindikudziwa kuti anatulukira kuti. "Ali moyo kumene apitako."

"Apita pa Boma!"

"Ee, thupi likhala komweko kaye. Limbani mtima."

Ndikati ndithamange, amuna awiri anandigwira m'manja n'kundikhazika pansi pa mtengo wa mango, akuti chisoni chamuzunguza mutu, musamusiye yekha. Ndikati ndiimbe foni, mayunitsi ndinali nditathera wa ku Blantyre uja. Ndikati wina andibwereke yake, akuti osadandaula, abale tikuwadziwitsa ife. Ndipo ankawadziwitsadi, atafola pachulu changa, aliyense foni ili kukhutu. Chulu chimene akhala akundiseka nacho chaka chonse, tsiku limenelo chinakhala ofesi ya mudzi. Ndili chikhalire ndinaona anyamata akuika masamba panjira kusonyeza kuti pano pali zovuta, ena akubwera atasenza mabenchi a kutchalitchi. Mayi wina anandisisita kumsana n'kunena kuti sanadziwe kuti mkamwini ameneyu ankawakonda chonchi apongozi ake.

Za kumsewu anandifotokozera make Tadala pambuyo pake, ndipo amafotokozabe kwa aliyense wobwera kudzacheza. Akuti atadutsa kamlatho kaja n'kuyendako ndithu anaona kabaza akubwera wopanda munthu. Apongozi anakweza dzanja. Mnyamatayo osachepetsa n'komwe liwiro: "Pepani mayi, ndatengedwa kale!" Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anakuwa akudutsa kuti, "Kuli matenda aakulu kumudziku!" Njinga zonse za siteji imeneyo zinawadutsa zopanda anthu, zikuthamangira kukawatenga iwo omwewo. Apongozi anachita kuima n'kupukusa mutu. "Kaya ndi kwa yani kumeneko. Mulungu awachitire chifundo."

Anayendabe, dzuwa likuswa mtengo, dengu lili pamutu. Kenako foni ya make Tadala inalira. Anali msuweni wake wa ku Migowi, akulira mosatonthozeka.

"Pepa mchemwali, pepa, tamva za mayi."

"Mayi ake ati?"

"Mayi ako! Akuti atisiya m'mawa uno!"

Apongozi anamva, poti foni ya make Tadala imayankhula ngati wailesi. Anaitenga.

"Iwe, ndamwalira nthawi yanji?"

Akuti kumbali inayo kunangomveka kukuwa, kenako phokoso la chinthu chogwera m'madzi.

Anabwerera. Nthawi yoonera odwala inali itapita kale, mdzukulu sanamuone, miyendo itatupa. Ine ndinawaona poyamba, chifukwa ndine ndekha amene ndinkayang'ana kunjira. Anafika pa masamba aja, anaima, anawayang'ana, n'kuwalumpha. Analowa pabwalo nyimbo ya maliro ili pakati, chitenje chatsopano chili mbuu ndi fumbi. Nyimboyo inaduka ngati wina wazimitsa. Mayi Supuni anadzutsa mutu, anawaona, ndipo mayi amene amadandaula bondo chaka chonse analowa m'chinangwa liwiro la mtsikana, patapata mmodzi n'kutsala pabwalo. Mkulu wa mpingo uja anabisala kuseri kwa a Namakhwa. Amuna ondigwira aja anandisiya okha.

Apongozi anatula dengu. Anakhala pa benchi limodzi mwa mabenchi a maliro awo omwe, atandifulatira monga mwa mwambo, n'kuitana mwana wawo kuti aime pakati.

"Uwafunse amuna akowa kuti ndinadwala chiyani."

Make Tadala anatembenukira kwa ine, ngakhale ndinali nditamva, ngakhale mudzi wonse unali utamva. "Akuti anadwala chiyani?"

"Uwauze kuti pepani kwambiri, vuto linali la siteti."

"Akuti vuto linali siteti."

Kumbuyo ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti matenda a masiku ano mayina ake ngovuta.

"Uwafunse," anapitiriza apongozi. "Chinthu chawocho chimati zatheka, zatheka. Chinatheka n'chiyani?"

Ndinafotokoza, kudzera mwa mkazi wanga, pamaso pa akabaza, a mpingo ndi mbuzi, kuti tsambalo limalemba kuti zatheka likangotumiza uthenga, lisanamve yankho la kumene latumizako. Ndinayesa kuwonjeza kuti makampani akuluakulu amachitanso chimodzimodzi, koma make Tadala mawu amenewo sanawapititse. (API yabwino imasefa, ndikuvomereza.)

"Ndiye kuti chimatuma munthu, n'kudziyankha chokha wotumidwayo asanabwere?"

"Akuti chimadziyankha chokha?"

"Ee."

"Akuti ee."

Apongozi anakonza mpango kumutu.

"Uwauze kuti chatengera mwini wake. Matiresi aja ndinawaona."

Sindikudziwa kuti ndani anayamba kuseka, koma ndikumuganizira mkulu wa mpingo. Anthu amene mphindi zapitazo ankagubuduka ndi chisoni tsopano ankagubuduka ndi phwete. Ine ndinangoima chipewa chili m'manja, mtima ukuwawa, chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti nanga ndani anayamba kulira asanafunse bwinobwino. Mayi Supuni anamva liwu limodzi n'kutsimikiza zonse osadikira umboni. Zimenezo n'zosiyana bwanji ndi zimene linachita tsamba langa? Koma iwo aja anthu anakawatenga m'chinangwa n'kuwapepesa, ine ayi.

Thobwa la mlamu wanga anamwa akabaza, poti anapalasa mtunda wonsewo pachabe ndipo pakhosi panali pouma. Chakumadzulo apongozi anakwera njinga ya a Namakhwa kuti akapeze nthawi yoonera odwala yotsatira, ndipo popeza anyamata onsewo ankabwerera komweko, anawaperekeza mabelu akulira njira yonse. Anthu a pa Boma akuti ankafunsana kuti kodi kwabwera nduna yanji. Zimenezo palibe amene anandithokozapo.

Mawa lake ndinakwera pachulu n'kukonza zonse, ndipo chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'choti sizinanditengere ngakhale theka la tsiku. Pano siteti ili ndi zonse zinayi. Ukadina, batani limazilala, ngakhale ulikonole chotani silidinikanso. Ngati palibe netiweki tsamba limanena poyera kuti "Pempho lanu silinachoke m'foni." Likachoka limalemba kuti "Dikirani," kagudumu kakuzungulira. Mawu oti "Zatheka" satuluka mpaka seva itayankha n'kutchula dzina la wakabaza amene akubwera. Pempho lililonse lili ndi chizindikiro chake, moti likafika kawiri seva imalizindikira, ndipo limene lakhalitsa pamzere silinyamuka lokha, limayamba lafunsa ngati mukadali pomwe munali paja. Wa ku Blantyre uja ndinamutumizira zoti akonze kumbali yake, iye n'kundibwezera zithunzi za tinkhope toseka mzere wathunthu. A Namakhwa akuti makasitomala achuluka, aliyense akufuna kuona batani limene linapha munthu n'kumudzutsa. Dzina la a Pachulu linatha. Pano ana akandiona amangoti, "Zatheka!" n'kuthawa.

Nkhani itazizira pang'ono ndinawatumanso ankhoswe. Anapita, anakhalitsa, anabwera madzulo n'kukhala pampando osandiyang'ana kumaso.

"Bwanji, akuti chiyani?"

"Akuti amva."

Make Tadala, amene ankatsuka mbale chapafupi, sanatembenuke n'komwe. "Ndiye matiresi aja titani, bambo a Tadala? Alendo akubwera Loweruka."

Ndinawamasula. Malegeni ndinapatsa a Namakhwa. Ndikudziwa tsopano kuti "ndamva" ndi kagudumu kozungulira, si zilembo zobiriwira, ndipo m'mawa uliwonse ndimakwerabe pachulu, mbuzi zikundiyang'ana. Koma katoni ya mabuku sindinaigwire, ili pomwepo kuseri kwa chitseko. Make Tadala akuti ndine wosamva. Iye sanamvetsere bwino. Mmene ankhoswe anatchulira, "amva" wa ulendo uno anamveka wofewerapo pang'ono.